Zigawenga, mafoni ndi mphekesera: zimene ofufuza za chitetezo akupeza

Tsidya lina la nyanja, moyang'anizana ndi Nkhotakota, kuli chigawo cha Niassa cha dziko la Mozambique. Kukacha bwino mapiri ake amaoneka, ndipo anthu akhala akuwoloka madzi amenewa kuyambira kale, pa ngalawa za a Jumbe, pa Ilala, pa maboti a injini a asodzi ndi ogula usipa. Kum'mawa kwa Niassa ndiye kuli chigawo cha Cabo Delgado, kumene kwakhala nkhondo kuyambira pa 5 October 2017, tsiku limene gulu la anyamata linaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu masauzande aphedwa, ndipo oposa 1 miliyoni anathawa m'makomo mwawo. Kumapeto kwa 2021 zigawengazo zinalowa mu Niassa mwenimwenimo n'kutentha midzi m'boma la Mecula.

Mecula ili kutali ndi gombe, ndipo magulu amenewa sanachitepo chiwembu m'Malawi muno, choncho tisayambe ndi mantha. Koma nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mu November 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo polimbana ndi gulu la zigawenga la ADF, ndipo mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anapatsidwa mendulo yapamwamba ya United Nations chifukwa anafa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Mu March 2021 boma la America linaika ADF pamodzi ndi zigawenga za ku Cabo Delgado pa mndandanda wa magulu ogwirizana ndi Islamic State. Maliro a nkhondo zimenezi tinawalira kale kuno kwathu.

Tikamva za chitetezo cha dziko, maganizo amathamangira ku MAFCO ku Salima, kwa asilikali odumpha pa ndege a ku Senga Bay, kapena kwa akazitape a boma amene sitiwadziwa nkhope. Palinso gulu lina limene siligwira mfuti: aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a zachitetezo, ndipo ambiri amene amakhala m'makalasi amenewo ndi asilikali ndi apolisi. Ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa chitetezo cha makompyuta. Kazitape akapeza kanthu amakanena kwa akuluakulu ake okha, nkhani n'kuthera m'kabati. Wofufuza wa pa yunivesite amayenera kusindikiza zimene wapeza, kufotokoza anthu amene anawafunsa ndi mmene anawasankhira, kuti anzake amutsutse ngati waphonya. N'chifukwa chake zimene amapeza nthawi zina zimawawa m'makutu mwa boma, ndipo nthawi zina zimawawa m'makutu mwa ife anthu wamba.

Kuwerenga ndi kufunsa

Njira imodzi imene ofufuza amagwiritsa ntchito ndi kuwerenga kuchuluka kwa ziwawa. Bungwe la ACLED, limene limasunga kaundula wa ziwawa za m'maiko osiyanasiyana, limatolera nkhani za m'nyuzipepala, malipoti a mabungwe ndi mauthenga a anthu a m'deralo, ndipo chiwawa chilichonse chimalembedwa pa mzere wake: tsiku, mudzi, amene anaukira, amene anaukiridwa, anthu angati afa, nkhaniyo yachokera kwa ndani. Mzere umodzi sunena zambiri, koma mizere masauzande ikaikidwa pa mapu imaonetsa kumene nkhondo ikulowera. Ndi mmene alangizi a zaumoyo ankachitira nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 kuno kunyanja: wodwala aliyense kumulemba, mudzi wake, kumene amatunga madzi, mpaka zioneke kuti matenda akuyenda njira iti. Kuwerenga kotereku n'kumene kunaonetsa kuti likulu la uchigawenga padziko lasamukira ku Africa. Lipoti la Global Terrorism Index la 2025 linapeza kuti oposa theka la anthu onse ophedwa ndi zigawenga mu 2024 anafera ku Sahel, dera la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, m'maiko ngati Burkina Faso, Mali ndi Niger. Vuto la njirayi ndi loti kumene kulibe mtolankhani kapena netiweki, anthu amafa osalembedwa. Ku Cabo Delgado atolankhani ena anamangidwa, wina wa pa wailesi ya m'tauni ya Palma anasowa mu April 2020, ndiye manambala a kumeneko tiziwatenga ngati ochepekera.

Njira ina ndi yovuta kwambiri: kukhala pansi ndi munthu amene analowapo m'gulu la zigawenga n'kumufunsa kuti zinayamba bwanji. Mu 2017 bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu 718. Mwa iwo 495 analowa mwa kufuna kwawo m'magulu ngati Boko Haram ndi al-Shabaab, ena anagwidwa mokakamiza, ndipo ena anali a m'madera omwewo amene sanalowe n'komwe. Gulu lomalizali ndi lofunika, chifukwa popanda ilo sungadziwe chimene chimasiyanitsa wopita kutchire ndi mnzake amene anatsala pamudzi, onse ali amphawi chimodzimodzi. Mu 2023 kafukufukuyu anabwerezedwa ndi anthu pafupifupi 2,200 m'maiko 8.

Zimene anapeza zimatsutsa zimene ambiri timaganiza. Mu kafukufuku wa 2023, munthu mmodzi mwa anayi alionse amene analowa mwa kufuna kwawo anati chinamukopa kwambiri ndi chiyembekezo cha ntchito. Ena ochuluka anatsatira achibale kapena anzawo, amayi ambiri anatsatira amuna awo. Chipembedzo chinabwera pachitatu, ndi anthu 17 pa 100 alionse. Mu kafukufuku wa 2017, anthu 57 pa 100 alionse amene analowa okha anavomera kuti mabuku a chipembedzo chawo ankawadziwa pang'ono kapena osawadziwa n'komwe, ndipo amene anaphunzira bwino chipembedzo kwa zaka zambiri ndi amene anali ovuta kuwakopa. Mwana amene wakhala pa madrasa mpaka kudziwa kuwerenga yekha ndi kumva tanthauzo amatha kumufunsa mlaliki wachilendo kuti zimenezo zalembedwa pati. Sukulu nayonso imateteza: mu kafukufuku wa 2023, chaka chilichonse chowonjezera m'kalasi chinachepetsa mwayi woti munthu alowe ndi 13 pa 100.

Nambala imene ine imandikhudza kwambiri ndi 71. Atafunsidwa za chinthu chomaliza chimene chinawapangitsa kunena kuti basi ndikupita, anthu 71 pa 100 alionse mu 2017 analoza zochita za boma, makamaka kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kapena mnzawo. Mu 2023, mwa amene anatchula chochitika chinachake chowakankha, 71 pa 100 ananenanso za nkhanza, kawirikawiri za achitetezo a boma. Umphawi ndi kusowa ntchito zimamufewetsa munthu kwa zaka, koma tsiku lonyamuka limabwera bambo ake akamenyedwa pa rodibuloko iye akuona.

Tiyenera kukumbukira kuti ambiri mwa ofunsidwawo anali m'ndende kapena m'malo owathandiza kubwerera m'mudzi, ndipo munthu wotero akhoza kusankha yankho lomuchotsera mlandu. Maiko ake analinso a Sahel, a m'mbali mwa nyanja ya Chad ndi a kum'mawa kwa Africa. Komabe nambala yomweyo kutuluka kawiri, patadutsa zaka 6 ndipo ofunsidwa ali ena, si chinthu chochinyalanyaza.

Zimene a ku Mozambique anapeza kwawo

Kafukufuku amene ali pafupi kwambiri ndi ife ndi wa anzathu a tsidya lija eni ake. Mu 2019 bungwe la kafukufuku la IESE la ku Maputo linasindikiza zimene Saide Habibe, Salvador Forquilha ndi João Pereira anapeza atacheza ndi mashehe, makolo, achinyamata ndi akuluakulu a boma ku Mocímboa da Praia. Gulu lija limene linaukira apolisi silinangotulukira mu 2017. Kwa zaka zingapo m'mbuyomo kunali kagulu ka achinyamata amene anayamba kunyoza mashehe akuluakulu kuti asochera, kulowa mu mzikiti atavala nsapato, kuletsa ana kupita ku sukulu za boma, kenako kumanga mizikiti yawoyawo. Ankaonera mavidiyo a maulaliki a Aboud Rogo, mlaliki wa ku Mombasa amene anaphedwa mu 2012. Ena ankapatsidwa mpamba woyambira geni, ndipo tsiku lobweza litakwana anauzidwa kuti abweze ndi kulowa m'gulu. Amene anayamba kuchenjeza boma anali atsogoleri a Chisilamu eni ake, koma boma linaona ngati ndi mkangano wa mu mzikiti umene udzatha wokha.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuno ku Nkhotakota, kumene Chisilamu chinakhazikika kuyambira zaka za m'ma 1800 ndipo mizikiti yakhala moyandikana ndi tchalitchi cha All Saints kwa mibadwo. M'banja limodzi mumapezeka wopita ku Juma ndi wopita ku misa, ndipo pamaliro onse amakumba manda amodzi. Aliyense amene angamve za Cabo Delgado n'kuyamba kuyang'ana mnansi wake wovala kofia ndi diso lokayikira, ndiye kuti kafukufukuyu sanamumve. Ophedwa ambiri kumeneko ndi a m'midzi ya Asilamu, ndipo shehe amene amadziwa mwana aliyense wa pa madrasa pake ndiye woyamba kuzindikira mlendo akabwera ndi chiphunzitso chachilendo. Boma likamamuona shehe ameneyo ngati woganiziridwa, lataya munthu amene akanalichenjeza msanga.

Pa chimene chinayambitsa nkhondoyo ofufuza sagwirizana. Ena amati muzu wake ndi umphawi pakati pa chuma: gasi wa ku Palma kumene kampani ya TotalEnergies inali ndi ntchito ya ndalama pafupifupi madola 20 biliyoni, miyala ya ruby ya ku Montepuez kumene okumba paokha anathamangitsidwa mwankhanza mu 2017, ndi kudandaula kwa anthu a mtundu wa Mwani a m'mphepete mwa nyanja ya mchere kuti maudindo ndi mwayi zimapita kwa ena. Ena, monga katswiri wa mbiri yakale Eric Morier-Genoud, amati mbali ya chiphunzitso isachepetsedwe, chifukwa kagulu kaja kanalipo ndalama za gasi zisanafike, ndiponso amphawi ali ponseponse koma si onse amene amanyamula zikwanje. Enanso amaloza ku Tanzania, ku Congo ndi ku Islamic State, imene inayamba kudzitamandira ndi ziwembu za kumeneko mu 2019. Mkanganowu suthera m'mabuku, chifukwa yankho lililonse limatumiza ndalama kwina: ku zida, ku ntchito za achinyamata, kapena ku maphunziro. Mozambique inatsamira kwambiri pa zida. Asilikali a Rwanda anafika mu July 2021, Palma itaukiridwa mu March, a SADC anabwera nthawi yomweyo n'kuchoka mu 2024. Matauni analandidwa m'manja mwa zigawenga, koma nkhondo sinathe.

Forquilha ndi Pereira anadzafufuzanso ku Nampula ndi ku Niassa, n'kupeza kuti anyamata ankakopedwa ndi malonjezo a ntchito ku Cabo Delgado, kuphatikizapo asodzi amene anazolowera kale kusamuka potsata nsomba. Aliyense amene wafikapo pa doko m'mawa maboti akamakocheza amawadziwa anyamata otere. Anasiya sukulu sitandade 6, amakoka chilimira usiku wonse, amagawana ndalama mwini boti atachotsa kale ya mafuta ndi ya nyali, ndipo mwera ukawomba sabata yathunthu m'thumba mulibe kanthu. Munthu wovala bwino akabwera ndi nkhani ya ntchito ku Joni kapena tsidya lina, safunsa zambiri. Njira zozembetsera anthu zilipo kale m'dziko muno, ndipo tinaziona poyera mu October 2022 pamene mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Sindikunena kuti alovi athu akutengedwa ndi zigawenga. Ndikunena kuti moyo umene ofufuza anaufotokoza tsidya lija ndi umene tikuuona pagombe pathu.

Luso lamakono

Kafukufuku wa UNDP anapeza kuti ambiri sanakopedwe kudzera pa intaneti. Anatengedwa ndi mnzawo kapena m'bale, pamaso ndi pamaso. Koma mafoni akufalikira, ndipo zida zimene kale zinali za maboma okha tsopano zimagulidwa m'sitolo. Dziko lathu linali m'gulu la oyamba mu Africa kuyesa ma drone, tindege topanda woyendetsa m'kati, pa ntchito zachifundo: bwalo loyesera linatsegulidwa ku Kasungu mu 2017 mothandizana ndi UNICEF, ndipo sukulu yophunzitsa kuwayendetsa inayamba ku Lilongwe mu 2020. Tindege totere timene kuno timanyamula mankhwala ndi kujambula madera osefukira, ku Sahel ndi ku Nigeria magulu a zigawenga amationera misasa ya asilikali, ena amatimangirira mabomba. Starlink, intaneti yodzera pa satelaiti imene inafika m'Malawi mu 2023, ofufuza aipeza m'manja mwa magulu a zida ku Sahel, zimene zikutanthauza kuti njira yakale yodula netiweki m'dera la nkhondo ikutha mphamvu.

Chimene chatigunda kale ife si drone. Mu February 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo anati boma silipereka. Kwa milungu ingapo mapasipoti sanatuluke, ndipo opita kukagwira ntchito, kukaphunzira kapena kukalandira chithandizo kunja anangoti kakasi. Kuba kwa mtundu umenewu kawirikawiri kumayamba mophweka: wogwira ntchito mmodzi amatsegula imelo yooneka ngati yochokera kwa bwana, pulogalamu yoipa imalowa n'kutseka mafayilo onse, ndipo kiyi wake amakhala ndi wakubayo. Pa nkhani ya mapasipoti panali mkangano, ena akuti vuto lenileni linali pa mgwirizano ndi kampani imene inkayendetsa makinawo. Pamene pali mkangano wotere m'pamene pamafunika wofufuza woima payekha, wololedwa kuona makinawo n'kuuza dziko zimene wapeza.

Palinso kuba kumene tonse timakudziwa. Imani pafupi ndi ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa Dwangwa tsiku limene odula nzimbe alandira. Pakati pa mzere pamakhala mayi wina foni ili kukhutu, munthu wa mawu aulemu akumuuza kuti wasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo koma atumize kaye ya kalembera. Wina walandira uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, foni yanga yawonongeka". Ejenti wozindikira amafunsa kuti mayi, munthu ameneyu mukumudziwa? Kulembetsa ma SIM ndi chiphaso cha unzika kunayamba mu 2018, koma akathyali amalembetsa ndi ziphaso za anthu ena. Ofufuza amaiika nkhani imeneyi pa chitetezo cha dziko chifukwa nambala yopanda mwini weniweni imene lero ikulandira ndalama zakuba, mawa ikhoza kulandira ndalama za gulu lililonse, ndipo a Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lolondola ndalama zokayikitsa, sangathe kuilondola. Ndiye pabwera AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, imene imatha kutengera mawu ndi nkhope ya munthu. Mu 2024 wogwira ntchito wina ku Hong Kong anatumiza pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi mabwana ake amene onse anali opangidwa ndi kompyuta. Tsiku limene mawu a mwana wanu ali ku Joni adzamveke pa WhatsApp akulira kuti wamangidwa, funso la ejenti lija silidzakwanira.

Koma chimene chapha kale anthu kuno ndi mphekesera. Mu September ndi October 2017, nkhani ya anamapopa itabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo United Nations inachotsa antchito ake m'maboma ena a kumeneko. Nthawi imeneyo mphekesera inkayenda kwambiri pakamwa. Lero imayenda pa voice note, kuchoka pa Benga kufika pa Dwambazi munthu asanamalize kumwa tiyi. Bungwe la Africa Center for Strategic Studies linawerenga makampeni 189 ofalitsa bodza mwadala mu Africa mu lipoti lake la 2024, pafupifupi kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi 2022. Apa pali mpata waukulu: zida zimene ofufuza ndi makampani ngati Facebook amagwiritsa ntchito pozindikira mawu achidani zimagwira bwino m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, pa zolembedwa poyera. Uthenga wa mawu wa m'Chichewa, Chiyao kapena Chitonga, woyenda m'gulu la WhatsApp la mpingo kapena la ogula nsomba, suoneka kwa iwo.

Malamulo tili nawo. Pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, Data Protection Act ya 2024, ndi Peace and Unity Act ya 2022 imene imakhazikitsa makomiti a mtendere m'maboma. Tilinso ndi chitsanzo chabwino: mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo, umene unafika pa ziwawa ku Balaka mu 2019, unathetsedwa pa tebulo mu 2021 kudzera mu Public Affairs Committee. Nkhawa yanga ili pa kagwiritsidwe ntchito. Lamulo la 2016 lija lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene analemba zokhudza atsogoleri pa Facebook ndi WhatsApp, pamene mayi wobeledwa pa foni amauzidwa kuti abwerenso mawa. Ngati nambala 71 ija ili yoona ngakhale theka lake, ndiye kuti khalidwe la wapolisi pa rodibuloko ya pa M5, ndi mmene oyendera nyanja amalankhulira ndi msodzi pomulanda ukonde, ndi mbali ya chitetezo cha dziko mofanana ndi mfuti za ku MAFCO.

Ofufuza nawonso amafunika ufulu. Mu February 2011 mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Peter Mukhito, anaitanitsa Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinayambitsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi ananyanyala kwa miyezi yambiri. Chimene mphunzitsiyo anachita ndi ntchito yeniyeni ya wofufuza za chitetezo, kuloza chimene chimakwiyitsa anthu zinthu zisanafike poipa, ndipo mu July chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero.

Kafukufuku wambiri amene ndatchula pano analembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndi ndalama zakunja, za madera ena. Mafunso a kuno akudikira. Anyamata amene amachoka pa madoko a Nkhotakota amapita kuti, amawatenga ndani, ndipo angati amabwerako? Munthu wa kwa Malengachanzi kapena kwa Kanyenda akaona chachilendo amakauza ndani poyamba, mfumu, shehe, abusa kapena apolisi, ndipo n'chifukwa chiyani? Mphekesera ikabuka, ndi mawu a ndani amene amaizimitsa? Wophunzira wa ku Mzuni kapena ku Zomba wodziwa Chichewa cha kunyanja akhoza kuwayankha mafunso amenewa ali ndi ndalama yoyendera, chilolezo cha National Commission for Science and Technology, ndi lonjezo loti mayina a omuyankha sadzapita ku polisi. Zotsatira zake ziwerengedwe m'Chichewa pa Nkhotakota Community Radio ndi pa msonkhano wa khonsolo, mafumu, mashehe, abusa ndi makomiti a pa madoko ali pomwepo kuti anene ngati zimene zalembedwazo zili zoona.